Agogo akakana kubweza mdzukulu: mmene makhoti a ku Joni amaonera nkhaniyi

Mikangano yolimbirana mwana pakati pa makolo ndi agogo siyambira kukhoti. Imayamba mwamtendere, anthu akuthandizana. Mtsikana wabereka ali ku Joni kuno, ntchito yake ndi yam'nyumba yogonera konko ku Fourways, ndipo mabwana sakufuna kumva kulira kwa khanda pakhomo pawo. Amayi ake, omwe anatsogola kubwera ndipo ali ndi chipinda chawo ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, akuti: "Bwera naye kuno mwanayo, iwe uzikagwira ntchito." Palibe amene akulemba kanthu. Ungawasayinitse pepala amayi ako okubala? Papita zaka zisanu, mtsikana uja wakwatiwa, wapeza nyumba ku Rosettenville, akufuna mwana wake. Agogo akukana. "Akamatentha thupi usiku ndinkadzuka naye ndine. Iwe unkangobwera Lamlungu." Mwana wawo akuyankha kuti: "Amayi, ndalama ya mkaka ndi ya kireshi inkachokera kwa ine. Ndinakusungitsani, sindinakupatseni."

Mkangano wina umabwera ndi maliro. Mayi wamwalira, thupi lapita ku Mangochi kapena ku Mulanje, bambo watsala ndi ana ku Mayfair. Misozi isanaume, apongozi akutumiza uthenga kuti ana abwere kwawo kwa mayi wawo. Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja ambiri pempho lotere si lachilendo, chifukwa ana ndi a mbumba ya kuchikazi ndipo malume ali ndi mawu pa iwo kuposa mkamwini. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Angonde ndi Asena, kumene amapereka malowolo, ana amawerengedwa kuchimuna, ndiye wolira amakhala mayi wamasiye pamene makolo a malemu akuitanitsa magazi awo. Kumudzi ankhoswe ndi mwinimbumba amakhala pansi, zikakanika nkhani imapita kwa amfumu. Ku Johannesburg ikafika pamaso pa majisitireti, funso lakuti mwana ndi wa mbumba iti si limene limagamula mlandu. Ambiri amazindikira zimenezi mochedwa, ubale utawonongeka kale.

Maziko ake ali m'lamulo lalikulu la dziko la South Africa la 1996. Gawo 28 limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, chofunika kuposa zonse ndi chimene chingamukomere mwanayo. Gawoli limanena za mwana aliyense wosakwana zaka 18, silifunsa kumene anabadwira kapena ngati makolo ake ali ndi pemiti. Tsatanetsatane wake ali mu Children's Act 38 ya 2005, yomwe inayamba kugwira ntchito yonse pa 1 Epulo 2010. Mwana wa Amalawi amene akukhala ku Tembisa ali pansi pa lamuloli chimodzimodzi ndi mnzake wa Chizulu wa nyumba yoyandikana nayo.

Lamuloli linagawa udindo wa kholo m'zigawo zinayi, ndipo mabanja ambiri amakangana chifukwa chozisakaniza. Pali care, kutanthauza kukhala ndi mwana ndi kumusamala tsiku ndi tsiku. Pali contact, kumuona, kumuchezera, kulankhula naye pafoni. Pali maintenance, kusonkha ndalama zomulerera. Ndiye pali guardianship, mphamvu yosayinira zinthu zikuluzikulu monga pasipoti ya mwana, kutuluka naye m'dziko, kumupereka kuti ena amutenge akhale wawo, ndi kugulitsa nyumba kapena malo olembedwa m'dzina lake. Munthu akhoza kukhala ndi chimodzi popanda zinazo. Agogo angathe kupatsidwa care, mwana n'kumagona kwawo, koma pasipoti n'kumasayina mayi. Nthawi zambiri agogo akamati "ndikufuna mwana" amakhala akuopa kuti sadzamuonanso, ndipo chimene chingawakhazike mtima pansi ndi contact yolembedwa bwino, osati nkhondo yolanda zonse.

Poyambira, zinayi zonsezi zili ndi mayi wobereka, kaya ndi wokwatiwa kaya ayi. Bambo amene anakwatira mayiyo alinso nazo zonse. Bambo wosakwatira amazipeza ngati ankakhala ndi mayiyo monga banja pa nthawi imene mwana ankabadwa. Ngati sankakhalira limodzi, gawo 21 limayang'ana ngati anavomera kuti mwana ndi wake kapena analipira chindapusa cha mimba mwamwambo, ngati wakhala akutengako mbali pa kaleredwe, ndiponso ngati wakhala akusonkha kapena kuyesetsa moona mtima kusonkha ndalama. Apongozi amene amati "sanamange ukwati, alibe mawu" ayenera kulidziwa gawo limeneli, chifukwa mnyamata amene akumuthamangitsa pakhomoyo angakhale ndi mphamvu zonse za kholo pamaso pa lamulo.

Nanga agogo? Kungokhala agogo sikubweretsa ufulu uliwonse mwa zinayizi. Pali kampata kamodzi, ka m'gawo 19: ngati mayi wa khanda sanakwanitse zaka 18, ndi wosakwatiwa, ndipo bambo wa khandalo alibe guardianship, amene ali guardian wa mtsikanayo amakhalanso guardian wa khanda. Mtsikanayo akakula, mphamvu zimapita kwa iye mwini.

Apa ndi pamene pamalowera afidaviti, pepala lomwe Mmalawi aliyense wa ku Joni amalidziwa. Munthu amapita kupolisi, n'kulemba kuti mwana uyu akukhala ndi agogo ake, wapolisi n'kudinda. Pepalali limathandiza polembetsa sukulu ndi kukiliniki, ndipo lingakhale umboni wa tsiku limene mwana anayamba kukhala kwa agogo. Koma si chigamulo cha khoti ndipo silisamutsa udindo wa kholo. Mayi amene analisayina akhoza kusintha maganizo mawa. Chomwe lamulo limapereka kwa munthu wosunga mwana popanda chigamulo chili m'gawo 32: ayenera kumuteteza ndi kusamala umoyo wake, ndipo akhoza kuchita zofunika pa chisamalirocho, kuphatikizapo kuvomereza kuti madokotala amupime kapena kumupatsa mankhwala ngati kholo silikupezeka. Ndi mphamvu yolerera, si mphamvu yokanizira kholo.

Khomo la agogo ndi gawo 23. Limalola munthu aliyense amene ali ndi chidwi chenicheni pa chisamaliro ndi kakulidwe ka mwana kupempha care kapena contact ku High Court kapena kukhoti la ana. Silitchula agogo okha. Azakhali, malume, ngakhale bambo wopeza angagwiritse ntchito khomo lomweli. Khoti limayeza zinthu zingapo: chimene chingakomere mwana, ubale wa wopemphayo ndi mwana, kudzipereka kumene waonetsa, ndi zimene wakhala akusonkha kuyambira pa kubadwa. Zonsezi zimafuna umboni, ndipo apa mabanja athu amafooka chifukwa timachita zinthu pakamwa. Buku la kusikelo limasonyeza masiku amene mwana anapita kukabayitsa katemera, ndipo anamwino kapena anansi angachitire umboni amene ankapita naye. Malipoti a kusukulu ali ndi siginecha ya amene ankawalandira. Malisiti a kireshi, mauthenga a pa WhatsApp, malisiti a Mukuru kapena a banki, kalata yochokera kwa aphunzitsi, abusa kapena shehe, zonsezi zimalankhula kuposa misozi. Umboni womwewu umathandiza mbali zonse ziwiri. Mayi amene akusonyeza kuti mwezi uliwonse ankatumiza ndalama ndipo ankabwera pa tsiku lake lopuma sanataye mwana, anasungitsa chifukwa cha ntchito, ndipo oweruza kuno amadziwa bwino kuti mabanja ambiri a m'dziko muno amalera ana mwa njira yomweyi.

Chovuta n'chakuti pa mlandu wotere pali zinthu ziwiri zoona zimene zimakokana. Choyamba, mwana ali ndi ufulu woleredwa ndi makolo ake, ndipo khoti silichotsa mwana kwa kholo loyenera chifukwa choti agogo ali ndi nyumba yabwinopo kapena amapemphera kwambiri. Chachiwiri, mwana si katundu woti mwini akabwera angonyamula. Gawo 7 limauza woweruza kuti aganizire mmene kusintha kungamukhudzire mwana, makamaka kumulekanitsa ndi munthu amene wakhala akumulera kapena ndi abale ake amene wakula nawo. Limatchulanso kufunika koti mwana akule pamalo okhazikika, komanso kuti asataye ubale ndi achibale, chikhalidwe ndi miyambo ya kwawo. Ndiye mwambo wa chikamwini kapena wa malowolo sutayidwa kunja, umalowa ngati chimodzi mwa zoyeza, osati ngati chigamulo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene kuyambira ali ndi miyezi itatu sanagonepo kwina koma kwa agogo sangasamutsidwe Lachisanu madzulo ngati palibe chachitika. Chimene makhoti amakonda pa nkhani yotere, ngati kholo lilibe vuto, ndi kusamutsa pang'onopang'ono: ayambe kugona kwa mayi kumapeto kwa sabata, kenako tchuthi chonse, kenako asamuke teremu ikatha, agogo n'kutsala ndi masiku awo olembedwa. Koma ngati kholo linasowa zaka zambiri osaimba ngakhale foni, kapena pakhomo pake pali nkhanza, uchidakwa kapena mankhwala osokoneza bongo, khoti likhoza kusiya mwana kwa agogo, kholo n'kupatsidwa masiku omuona.

Mwana nayenso amafunsidwa. Gawo 10 silinaike zaka zoyambira, limangoti mwana amene wafika pa msinkhu woti angamvetse ali ndi ufulu wonena maganizo ake ndipo aganiziridwe. Sikuti iye ndiye amasankha. Ndipo akuluakulu amene amaphunzitsa mwana zokanena amadzipweteka okha, chifukwa anthu ofunsa anawa ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akamalankhula mawu a munthu wamkulu zimamveka.

Kupeza contact n'kosavuta poyerekeza ndi care. Mu 2012, pa mlandu wodziwika kuti LH v LBA, High Court ya ku East London inamva dandaulo la agogo akuchimuna amene mwana wawo, bambo wa mdzukuluyo, anali atamwalira, ndipo mayi anali atasiya kuwalola kuona mwana. Khoti linawalola kumuona mwa dongosolo limene linaika lokha, poona kuti nthawi zambiri mwana amapindula akamadziwana ndi agogo ake. Mfundo yake ndi yakuti agogo amapambana chifukwa ubalewo ukukomera mwana, osati chifukwa choti ndi ufulu wawo wobadwa nawo. Agogo amene nthawi iliyonse akakhala ndi mdzukulu amanyoza mayi ake pamaso pake akudzitsekera okha khomo limeneli.

Chigamulo cha gawo 23 sichifafaniza udindo wa makolo. Kuti kholo lichepetsedwe mphamvu, liimitsidwe kapena lilandidwe, pamafunika pempho lina la m'gawo 28 la Children's Act, ndipo khoti limafuna zifukwa zolemera. Pa guardianship, gawo 24 limati ngati mwana ali kale ndi guardian, wopempha afotokoze chifukwa chimene ameneyo sali woyenera. Kale nkhani imeneyi inkamvedwa ku High Court kokha, monga ija ya mu Pritchard Street m'tauni, kumene popanda loya munthu amasochera. Kusintha kwa lamulo kwa 2022 kunatsegula njira yoti khoti la ana lizimvanso. Koma Amalawi ali ndi mwala wina panjira: gawo 25 limati munthu amene si nzika ya South Africa akapempha guardianship, pempho lake lionedwe ngati nkhani yotenga mwana kupita naye dziko lina kuti akakhale wake, yomwe ili ndi ndondomeko yake yaitali. Gawo 23 lilibe mawu oterewa. N'chifukwa chake agogo a Chimalawi asamathamangire guardianship asanafunse loya ngati care siyingawakwanire.

Zonse zimene tanenazi ndi mkangano wa pabanja, pamene mwana sali pangozi. Zinthu zimasintha boma likalowererapo. Gawo 110 limakakamiza aphunzitsi, anamwino, madokotala, atsogoleri a zipembedzo ndi ena otero kukanena akaona kuti mwana wavulazidwa, wagwiriridwa kapena akunyanyalidwa dala. Munthu wina aliyense akhozanso kukanena kwa social worker wa boma, ku bungwe ngati Jo'burg Child Welfare, kupolisi, kapena kuimba Childline pa 116. Kuyambira pamenepo funso silikhalanso lakuti pakati pa mayi ndi agogo woyenera ndani. Limakhala lakuti kodi mwanayu akufunika chisamaliro ndi chitetezo cha boma malinga ndi gawo 150, lomwe limatchula zinthu monga kutayidwa, kuzunzidwa, kunyanyalidwa, kukhala mumsewu ndi kukhala pamalo amene angamuvulaze kwambiri.

Ngati ngozi ndi yaikulu, social worker wovomerezeka kapena wapolisi akhoza kuchotsa mwana nthawi yomweyo, ngakhale popanda chikalata cha khoti. Mphamvu imeneyi inagwiritsidwapo ntchito molakwika. Mu Ogasiti 2010 ku Pretoria, akuluakulu a boma anatenga ana m'misewu, kuphatikizapo mwana wa bambo wina wosoka nsapato amene anapita naye kuntchito chifukwa mkazi wake anali kuchipatala kukabereka, ndi ana awiri a mayi wina wosaona amene ankapemphetsa. Nkhaniyi inafika ku Constitutional Court, ndipo mu Januwale 2012 khotilo linagamula kuti mwana akachotsedwa, nkhani yake ifike kukhoti la ana tsiku lotsatira limene khoti likugwira ntchito lisanathe, makolo apatsidwe mpata wolankhula, majisitireti aone ngati kuchotsako kunali koyenera. Tsiku limeneli ndi lofunika kwambiri kwa banja. Agogo amene akufuna kuti mwana asapite kumalo osungirako ana afike tsiku lomwelo, anene kuti alipo ndipo ali ndi pogona.

Kenako social worker amakhala ndi masiku 90 ofufuza ndi kulemba lipoti. Amayendera nyumba zonse, amalankhula ndi aphunzitsi, anansi ndi mwana. Khoti likapeza kuti mwana akufunikadi chitetezo, lili ndi njira zingapo: kumubweza kwa kholo koma social worker azimuyang'anira, kulamula kholo kuti lilandire thandizo monga losiya mowa, kumupereka kwa wachibale mwa foster care, kutanthauza kulera mwana amene si wako mwa chigamulo cha khoti, kapena kumutumiza kumalo osungirako ana otchedwa child and youth care centre. Agogo amene akufuna foster care amapimidwa ngati munthu wina aliyense, ndipo dzina lawo limafufuzidwa m'kaundula wa anthu osayenera kukhala ndi ana. Popanda chiphaso chodziwika, kufufuza kumeneku kumavuta.

Ambiri amaganiza kuti foster care ndiye kuti mwana wakhala wa agogo. Ayi. Chigamulocho nthawi zambiri chimakhala cha zaka ziwiri, ndipo cholinga cha lamulo, ngati n'kotheka, ndi kubwezeretsa mwana kwa makolo ake. Social worker amayenera kugwira ntchito ndi kholo kuti likonze chimene chinalakwika. Kholo limene likubwera masiku onse oona mwana, lapeza pokhala, lamaliza zimene khoti linalamula, lili ndi mwayi weniweni womutenganso. Limene lakwiya n'kusowa likuthandiza agogo, chifukwa gawo 186 limalola khoti kutalikitsa foster care ya kwa wachibale mpaka mwana atakwanitsa zaka 18 ngati makolo anamwalira, anamutaya, kapena palibenso chifukwa choyesera kuwabwezeretsa pamodzi.

Pali chinthu chimene ndimachiona kuti ndi choopsa, ndipo chimachitika: agogo kukanenera mwana wawo kwa ma social worker nkhani yokokomeza kuti apambane mkangano, kapena mayi kunamizira agogo kuti akumenya mwana. Mukaitana boma simungalibwezenso pakhomo. Social worker akapeza kuti nyumba zonse ziwiri zili ndi mavuto, kapena kuti chidani chafika poti mwana akuvutika nacho, mwanayo akhoza kukagona kwa anthu osawadziwa, olankhula chinenero china, kwa miyezi ingapo pamene akuluakulu akudikira tsiku la mlandu. Ngati mwana akuzunzidwadi, kanenani lero lomwe, ngakhale wozunzayo ndi mwana wanu wobereka nokha. Koma ngati nkhani ndi yakuti mkamwini simukumukonda, njira yake si imeneyi.

Ndalama nazo zimabisala pansi pa milandu yambiri. Mu Epulo 2025, foster child grant, ndalama ya boma ya olera mwana mwa foster care, inali R1,250 pamwezi pamene child support grant, yothandiza mabanja osauka kulera ana, inali R560. Kusiyana kumeneku kwakhala kukukokera achibale ambiri olera ana amasiye ku foster care. Mu 2013 High Court ya ku Johannesburg, pa apilo yochokera kukhoti la ana la ku Krugersdorp, inagamula kuti agogo aakazi amene ankalera adzukulu atatu amasiye akhoza kukhala foster parent wawo. Koma kuchuluka kwa milandu yotere kunalemetsa ma social worker ndi makhoti mpaka zigamulo zambirimbiri zinkatha nthawi zisanawonjezeredwe, ndipo kuyambira 2011 High Court ya ku Pretoria inkachita kulowererapo mobwerezabwereza kuti ndalama zisaime. Ndiye mu Juni 2022 boma linayamba kuwonjezera theka pamwamba pa child support grant kwa achibale olera ana amasiye, popanda kudutsa kukhoti. Kwa Amalawi ambiri nkhani yonseyi ndi yongomva, chifukwa ndalamazi zimaperekedwa kwa wolera amene ndi nzika, amene ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale, kapena wothawa kwawo wovomerezeka. Chimene agogo aliyense wosunga mwana angachite, kaya ndi wochokera kuti, ndi kukasumira makolo ku maintenance court kuti azisonkha. Lamulo la kuno limagwiranso mbali inayo: makolo akalephereratu, udindo wodyetsa mwana umagwera agogo, akuchikazi ndi akuchimuna omwe. Chimene sichimveka bwino pamaso pa woweruza ndi mawu akuti "andibwezere kaye zonse ndinawononga, ndiye atenge mwana". Amene wanena zimenezi wasandutsa mdzukulu chikole, ndipo lipoti lidzalemba momwemo.

Tsopano za malire, chifukwa apa ndi pamene nkhani ya Amalawi imasiyana ndi ya eni dziko. Mkangano ukafika povuta, pamakhala chiyeso chokweza mwana basi kapena kumupereka kwa transipota, adutse pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, akatsikire ku Mwanza kapena ku Dedza, winayo adzamve mwana ali kale kumudzi. Malinga ndi gawo 18, mwana satuluka m'dziko muno popanda chilolezo cha onse amene ali ndi guardianship, pokhapokha khoti litalamula mwina. Agogo amene alibe guardianship alibe mphamvu yotulutsa mwana, ngakhale anamulera kuyambira ali wakhanda. Mayi nayenso sangatero payekha ngati bambo ali ndi guardianship. Mwana amene ali mu foster care satuluka popanda chilolezo cholembedwa cha mkulu wa dipatimenti ya Social Development m'chigawo, ngakhale ulendo wake ndi wa Khirisimasi chabe.

Mwana akangowoloka, kumubweza n'kovuta. Pali pangano la mayiko la ku Hague la 1980 lothandiza kubweza msanga ana otengedwa mozemba. South Africa inalowamo mu 1997, koma Malawi sali m'panganoli. Chigamulo cha majisitireti wa ku Randburg sichingangotengedwa n'kukapatsa apolisi a ku Balaka kuti akatenge mwana. Wotsalayo ayenera kupita kumudzi, kukayamba ku ofesi ya social welfare ya paboma ndi kukhoti la ana la kumeneko, pansi pa Child Care, Protection and Justice Act ya 2010, lomwenso limayang'ana chimene chingakomere mwana. Miyezi ikamapita mwana amazolowera sukulu yatsopano, ndipo kukhazikika kuja kumayamba kugwirira ntchito amene anamuzembetsa. Choncho amene akuona zizindikiro, monga kufunsidwa za pasipoti ya mwana kapena satifiketi yake ya kubadwa popanda chifukwa chomveka, apite kukhoti msanga kukapempha chiletso mwana asananyamuke. Chimodzimodzinso, ngati mwana wakulira kwa agogo ku Nkhata Bay ndipo makolo ali ku Joni akumufuna, mlanduwo ndi wa makhoti a ku Malawi, chifukwa nkhani imamvedwa kumene mwana amakhala. Ndipo agogo amene ali kumudzi akafuna kuti khoti la kuno liwatumizire mdzukulu, khoti limafuna lipoti la mmene pakhomo pawo palili, lomwe limadutsa ku International Social Services ndi maofesi a boma la Malawi. Zimatenga nthawi.

Kayendetsedwe kake kuno si koopsa monga anthu amaganizira. Khoti lililonse la majisitireti ndi khoti la ananso, kaya ndi ku Randburg, ku Roodepoort, ku Protea ku Soweto kapena ku Tembisa, ndipo mumapita la dera limene mwana akukhala. Mumaonana ndi kalaliki wa khoti la ana, n'kulemba Form 2. Loya si wokakamiza. Mlandu umamvedwa m'chipinda chotseka ndipo n'koletsedwa kufalitsa chilichonse choulula mwana wake, zomwe zikutanthauza kuti kuika chithunzi chake pa Facebook ndi nkhani ya mlandu kungakubweretsereni mlandu wina. Nenani msanga kuti mudzafuna womasulira wa Chichewa kapena Chiyao, chifukwa akasowa pa tsikulo mlandu umaimitsidwa. Khoti likhoza kupempha lipoti kwa social worker kapena ku ofesi ya Family Advocate. Ofesi imeneyi ndi ya boma, ndi yaulere, ndipo siimira mayi kapena agogo. Imafufuza n'kulangiza khoti, ndipo ngakhale woweruza sakakamizidwa kutsatira malangizowo, amawalemekeza kwambiri. Osowa ndalama ya loya angayese Legal Aid South Africa, Wits Law Clinic kapena ProBono.Org, ndipo amene mapepala ake anatha ndi bwino ayambe walankhula ndi maloya odziwa za anthu obwera, monga a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, asanakaime pamaso pa khoti.

Lamulo la Children's Act lija lili ndi malo a zokambirana zathu zija. Gawo 70 limalola khoti kuitanitsa msonkhano wa banja lonse wotsogozedwa ndi munthu wosakondera, ndipo gawo 71 limalola kutumiza nkhani ku bwalo la anthu wamba, ngakhale la mafumu, kupatula ngati pali nkhani ya nkhanza kapena kugwirira. Palibe choletsa kupempha kuti ankhoswe kapena malume akhale nawo pa msonkhano wotere. Chomwe chagwirizanidwa chikasanduka chigamulo, chimakhala ndi mano: gawo 35 limati amene akusunga mwana n'kumakaniza mnzake kumuona motsutsana ndi chigamulo wapalamula, ndipo akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka chaka chimodzi. Popanda chigamulo, apolisi kawirikawiri amangokuuzani kuti pitani kukhoti la ana.

Mabanja amene sanayambane ali ndi njira yachidule imene ambiri saidziwa. Gawo 22 limalola mayi, kapena wina amene ali ndi udindo wa kholo, kupangana ndi agogo mwa kulemba: mwana azikhala kuti, mpaka liti, ndalama azipereka ndani, tchuthi azipita kuti. Panganolo limayamba kugwira ntchito likalembetsedwa kwa Family Advocate kapena likavomerezedwa ndi khoti, ndipo iwo amayamba aona ngati likukomera mwana. N'zoona kuti kuuza amayi ako kuti tiyeni tikalembe kumamveka ngati mwano. Koma pepalalo limatetezanso agogo, chifukwa ndi limene lingawapatse poimira tsiku limene mkamwini watsopano adzanene kuti kwa agogo kwatha.

Kwa kholo limene likulera lokha, gawo 27 limalola kusankha munthu wodzatenga mwana ilo likamwalira, koma kusankhako kuyenera kukhala mu wilo, yosayinidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo wosankhidwayo adzavomere. Mawu onenedwa pabedi lachipatala sakwanira. Njirayi ndi ya kholo limene lili lokha pa udindowo. Ngati bambo ali moyo ndipo ali ndi mphamvu zake mwalamulo, wilo ya mayi siyingamuchotse, ndipo agogo otchulidwamo adzayenerabe kukapempha kukhoti kudzera m'gawo 23, wiloyo n'kuiperekanso ngati umboni wa zimene malemu ankafuna.